Nkhope ya Mwana wa Telala

Madamu anadutsa bambo wina amene anakhala pa benchi la makasitomala, thalauza atalipinda pamaondo, n'kulowa m'shopu ya telala ali wefuwefu.

"Odi, bambo."

"Lowani, Madamu. Ndimadziwa kuti mubwera," anatero telalayo, osadzutsa mutu.

Madamu ankaphunzitsa kompyuta kusekondale, ndipo mwana wa telalayu anali atajomba masiku atatu. Mtsikanayu anzake ankamutcha Wailesi chifukwa pakamwa pake sipankatsekeka. M'mawa wa tsikulo kunafika uthenga kusukulu woti bambo ake akumutumiza kutali kwa azakhali ake, pamene mayeso omaliza anali atatsala milungu isanu. Madamu anabwera kudzaletsa zimenezo, ndipo mfundo zake anali ataziyala bwinobwino m'njira.

Nkhaniyi inayamba bwino, paja tsoka silinunkha. Madamu anali ndi kagulu ka ana khumi ndi awiri kamene ankakaphunzitsa kupanga mauthenga ochenjeza anzawo za zoopsa za pa intaneti. Ana a masiku ano mukamawalalikira amayasamula, koma mnzawo akalankhula m'foni amatchera khutu. Choncho anajambula kasewero ka mphindi zitatu. Wailesi anasewera mtsikana wonyengedwa ndi mlendo wa pa intaneti. Anayang'ana kamera misozi ili chuchuchu, n'kunena kuti, "Ndinamutumizira zithunzi zanga ndili chibadwire. Akapempha zina, ndimatumiza." Kenako anapukuta misozi, n'kufotokoza kuti linali sewero chabe, ndipo kuti zoterezi zikakugwera uziuza munthu wamkulu.

Anajambulira pakhonde la shopu yomweyi chifukwa dzuwa linkawala bwino pamenepo. Madamu mwiniwake ndiye anaika kanemayo pa tsamba la gululo pa intaneti, akunyadira. Munthu wina, amene sanadziwike, anadulapo kachidutswa ka misozi kokhako n'kukamwaza. Kanema wathunthu anamuonera anthu osakwana zana. Kachidutswako kanali m'foni iliyonse.

"Bambo, mwanayu ndi wanzeru," anayamba Madamu. "Akachoka pano, zaka zonsezi zilowa m'madzi. Tatulutsa kale uthenga wina wofotokoza kuti linali sewero."

"Auwerenga angati?"

Telala sanadikire yankho.

"Si inu munamuphunzitsa kuti chimene watumiza sichibwerera? Ankatilalikira ine ndi mayi ake mpaka makutu kuwawa. Akuti madzi akatayika sawoleka. Ndiye lero mwabwera ndi chiyani, supuni?"

Telala anatsegula dirowa ya mabatani, natulutsamo foni yozimitsa. Atangoiyatsa, inayamba kunjenjemera patebulo ngati yagwidwa malungo. Sanaiyankhe. Anatsegula kachidutswa kaja, nakaimitsa pakati.

"Musayang'ane mwanayo. Yang'anani kumbuyo kwake."

Madamu anali ataonera kanemayo kambirimbiri, koma maso ake nthawi zonse ankakhala pa nkhope ya Wailesi. Pamwamba pa phewa la mtsikanayo panali chikwangwani cha shopu, dzina ndi nambala ya foni zikuoneka bwinobwino. Pachifuwa pake panali baji ya sukulu. Zinthu ziwiri zimenezi ndi zimene iye mwini ankalemba pabolodi sabata iliyonse kuti ana asamazionetse. Manyazi ndi mantha zinamugwira pamodzi.

"Bizinesi yakomatu sabata ino, Madamu," anatero telala akuseka kuseka kosafika m'maso. "Amuna onse mathalauza awo ang'ambika tsiku limodzi. Ena akuchokera kutali, pagalimoto."

Anatsitsa mawu, naloza kukhomo ndi mlomo.

"Uyo lero ndi tsiku lachitatu. Dzana anati ndifupikitse thalauza. Dzulo anati nditalikitse. Lero sanandiuze, wangokhala."

"Mwakanena kupolisi?"

"Ndinapita. Alemba zonse, koma akuti kukhala pa benchi si mlandu. Ndidikire achite kaye mlanduwo?"

Ngati kuti wamva, bambo wa pa benchi uja anasuzumira pakhomo. Anali munthu waukhondo, wa nsapato zopukuta bwino, woti mukakumana naye m'basi mungamusungitse chikwama.

"Atelala, katswiri wathu wa kanema sakuonekatu masiku ano. Wadwala?"

"Thalauza lanu lilibe vuto, achimwene. Pitani nalo."

"Aaa, ine ndilibe changu." Anatembenukira kwa Madamu, namwetulira. "Inu ndinu aphunzitsi ake eti? Mumaweruka mochedwatu Lachitatu. Ndiye kanjira ka kuseri kwa bwalo la mpira kaja n'kachete, mwana wamkazi sayenera kumadutsamo yekha."

Anabwerera pa benchi lake, nayamba kuimba kamluzu pang'onopang'ono.

Mfundo zonse zimene Madamu anabwera nazo zinatha mphamvu. Lachitatu ndi tsiku limene kagulu kake kankakumana. Kanjira kameneko sikanali m'kanema.

Katani yolekanitsa shopu ndi kachipinda kosungira nsalu inagwedezeka. Telala anaikweza pang'ono, ndipo Madamu analowa. Wailesi anali atakhala pansi pakati pa mipukutu ya nsalu, atakumbatira chikwama cha zovala, mabuku atawamanga ndi chingwe. Maso anali otupa. Mwana amene aphunzitsi ankatopa naye kumuuza kuti akhale chete analankhula monong'ona.

"Madamu, ndinasewera bwino kwambiri eti? Aliyense wakhulupirira."

Madamu anagwada, namugwira manja. Anali ozizira.

"Wolakwa si iwe, mwanawe. Ndine. Kamera ndinagwira ndine."

"Nanga mayeso?"

"Ukalembera komweko. Ndiyenda m'maofesi mpaka zitheke, ngakhale nsapato zindithere."

Sanadziwe ngati zidzathekadi, koma anadziwa kuti Lachitatu likubwera. Anatembenukira kwa telala amene anaima pa katani.

"Bambo, nyumbayi ili ndi khomo lakuseri?"

"Lilipo, koma chitseko chake chimalira."

"Basi yopita kwa azakhali ake inyamuka nthawi yanji?"

"Faifi koloko. Mayi ake atsogola kale kudepoti."

"Inu mukachoka pano, uyo akutsatirani. Khalani. Ndimuperekeza ine."

Telala anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anasisita mutu wa mwana wake kamodzi. Anabwerera pampando wake, natola kansalu kotsala, n'kuponda makina mwamphamvu kuti phokoso lake limize kulira kwa chitseko.

Anatulukira m'kanjira ka pakati pa mipanda, Madamu atasenza mabuku, mtsikanayo atafunda jekete la mphunzitsi wake kumutu.

"Usacheuke," anatero Madamu.

Kalata yopempha kuti sukulu ina imulandire Wailesi, Madamu anailembera kudepoti, pepala atalitsamiritsa pabondo. Anachita kuyambiranso kawiri.