Galoni la ku Amereka m'Dimba la Eneless

Ndege inatera m'dambo la kumunsi kwa Chalimbana mu Ogasiti wa 1957, utsi wa lupsa utaphimba dziko lonse. Inathamanga pa udzu wouma n'kukaima mphuno itagunda mpanda wa dimba la Eneless Phiri, mayi wamasiye wolima kabichi.

Woyendetsa wake anali mzungu wa mishoni wochokera ku Amereka, dzina lake Sanford. Anasochera mu utsiwo n'kuzungulirazungulira mpaka mafuta anamuthera. Anatumiza uthenga ku Lusaka, ndipo m'mawa mwake lole inabwera ndi mgolo wa mafuta a ndege, koma pampu anaiwala. Eneless anabwereketsa chitini chake chotungira madzi, chimene kale chinali cha palafini, cholowa magaloni anayi. Sanford anachipukuta mpaka chinauma.

Womasulira anali Peterson Mwale, mphunzitsi wa masamu pa kasukulu ka pafupi. Anabwera atavala tayi, kope lili m'khwapa, ana a sukulu ali pambuyo pake pamzere.

"Bwana akuti thanki yawo imalowa magaloni makumi awiri ndi anayi," analengeza Peterson. Analemba m'kope kwa nthawi ndithu. "Tikagawa ndi anayi, zitini zisanu ndi chimodzi. Ana inu, mwaona ntchito ya masamu?"

Abson, dalaivala wa lole, anakwera pa mgolo n'kuyamba kuthira m'thanki ya m'phiko la ndege. Sanford anali kumchira, akuona ngati gudumu linapindika. Eneless anaima pansi pa phiko kulondera chitini chake.

Chitini chachisanu chili pafupi kutha, Eneless anapendeketsa mutu.

"Aphunzitsi, yadzala iyi."

"Amai, mwaona mkati?"

"Sininaone, namva. Chinthu chikamadzala chimasintha kulira. Nakhala nikutunga madzi kuyambira nili mwana."

Peterson anamwetulira moleza mtima. "Amai, iyi ni ndege, si mtsuko. Abson, thira chomaliza."

Abson anathira. Mafuta anasefukira, anayenderera pa phiko, anamunyowetsa buluku, n'kutsikira m'mabedi awiri a kabichi. Abson sanaleke msanga, poti anauzidwa zisanu ndi chimodzi. Sanford anabwera akuthamanga, akukuwa kuti aliyense wokoka fodya athawire kutali. Anthu amene anabwera kudzaonerera anamwazikana, ndi osakoka omwe.

Zitazizira, mzunguyo anatenga chitini n'kuchiyang'ana pansi pomwe panali zilembo. Anadzimenya pamphumi. Anafotokozera Peterson kuti ndege yake inapangidwa ku Amereka, kumene galoni ndi laling'ono. Magaloni asanu ndi limodzi a kwawo ndi asanu okha a Chingerezi, amene ankagwiritsidwa ntchito kuno. Zitini zisanu zinali zokwanira ndendende.

"Akuti chiyani?" anafunsa Eneless.

Peterson anakonza tayi. "Akuti masamu anga analibe cholakwika. Cholakwa ni galoni."

"Nanga kabichi wanga?"

"Za kabichi sanakambepo."

Anadikira mpaka masana kuti phiko liume. Amuna anakankhira ndege kumapeto kwa dambo. Sanford anagwira Peterson chanza kawiri, kumuthokoza chifukwa cha thandizo lake, ndipo analemba dzina lake kuti akalitchule m'kalata ya ku mishoni. Anabwezera Eneless chitini chake ndi ulemu wonse, kenako ndege inanyamuka. Madzi a m'chitinicho ananunkha mafuta mpaka mvula yoyamba.

Kabichi wa m'mabedi awiri aja anapsa, ndipo chaka chotsatira pamalopo sipanamere ngakhale chisoso. Peterson anaona kuti amenewa ndi malo ofunika pa maphunziro. Chaka ndi chaka ankabwera ndi kalasi yatsopano, ana makumi anayi, kudzawaonetsa pamene iye anathira mafuta m'ndege, ndi kuwaphunzitsa kuti munthu wanzeru amayamba wafunsa kuti galoni ndi la dziko liti. Ana ankamvetsera bwino ataima m'mabedi amene anatsala.

Chaka chachitatu Eneless anasamutsira dimba lake kutsidya kwa mtsinje. Peterson anadandaula kwa akulu a mpingo kuti anthu ena safuna kukhala pafupi ndi maphunziro.