Mwendo wa Mbuzi pa Tebulo la Adokotala

Mpeni unawapulumukanso m'manja a Bucha, kachitatu m'mawa umodzi, n'kukagwera pafupi ndi phazi la mayi amene ankadikira nthiti.

"Ii! Ndabwera kudzagula nyama ine, osati kudzasiya yanga!" anakuwa mayiyo atadumphira kumbuyo.

A Bucha anaseka nawo, koma kunali kuseka kwa mano okha. Chaka chathunthu dzanja lawo lamanja linali likuchita dzanzi ku chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati, ndipo tsopano linali litayamba kutaya zinthu. Ankachita mantha kwambiri. Bucha wopanda dzanja ndi bucha wanji?

Mayi uja atachoka, akazi awo, amene ankakulunga nyama kuseri kwa sikelo, anatola mpeniwo koma sanawabwezere.

"Lachinayi, tsiku loonana ndi adokotala, ndi mawa, bambo. Mupita nokha kuchipatala kapena ndikukwezeni pa wilibala?"

"Sindipitako. Dokotala ujatu anati mtsempha wapanikizika, ndiye akufuna kudula mtsempha. Wamva zimenezo? Kudula mtsempha pofuna kuchiza mtsempha! Ine ndadula mitsempha zaka makumi atatu. Ukadula wa magazi, nyama imatha pomwepo. Ukadula woyera uja wa kumwendo, mwendo umangoti lende. Ndiye andidule uti?"

"Munawafunsa?"

"Ndikanafunsa bwanji anthu ali mbwee pakhomo?"

"Safunsa anadya phula," anatero akaziwo. "Pakamwa ponsepo pamsika pano, kukafika kwa adokotala ndinu bubu."

Mawuwo anawalasa. Masana onse a Bucha anangokhala pa benchi akutembenuza mwendo wa mbuzi, kuusenda pang'onopang'ono ndi dzanja lamanzere, kusuzumira ngati munthu wotaya singano.

M'mawa mwake anapita, akazi awo ali pambuyo. Adokotala anali mayi wamfupi wovala magalasi, wolankhula mofulumira. Asanatsegule n'komwe buku la wodwala, a Bucha anaika phukusi pa tebulo n'kulimasula. Munali mwendo wakutsogolo wa mbuzi, wosenda bwinobwino, ziboda zili pomwepo.

"Bambo, kuno sitilandira mphatso."

"Si mphatso ayi, adokotala, ndi funso. Mundilozere pamenepa mtsempha umene mukufuna kudula."

Akazi awo anabisa nkhope m'manja chifukwa cha manyazi. Adokotala anayang'ana mwendowo, anayang'ana a Bucha, kenako anaseka mpaka kuvula magalasi. Anayala pepala lapulasitiki, anavala magolovesi, n'kukokera mpando pafupi.

"Vuto ndaliona, ndipo wolakwa ndine," anatero. "Ine ndinangoti mtsempha, mtsempha, pamene kusukulu tinaphunzira mayina osiyanasiyana. Wa magazi uja tiusiye, sitiukhudza. Tatsala ndi itatu. Kokani chingwe choyerachi."

A Bucha anakoka. Chiboda chinapinda chokha.

"Ameneyo timati tendoni. Amamanga mnofu ku fupa. Mnofu ukakoka, fupa limatsatira."

"Ameneyu ndimam'dziwa, ndi amene makasitomala amadandaula kuti satafunika. Ndiye mukufuna kudula ameneyu?"

"Ndingapenge? Ayi. Onani apa." Adokotala analoza pa bondo la mbuzi. "Bondo ili kwa inu ndi pamfundo ya dzanja, pamene mumavala wotchi."

"Aa! Ndiye kuti mbuzi imagwada ndi pawotchi?"

"Eya. Tsono kalamba kolimba aka kopingasa apa ndi ligamenti. Kamamanga fupa ku fupa linzake. Pansi pake pali kampata, ndipo matendoni onse amadutsa mmenemo mothithikana."

A Bucha anawerama mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda nyama. Adokotala anatenga kachitsulo kopanira, anasanthula pakati pa matendoni aja, n'kukweza kaulusi kofewa, kotuwa pang'ono, kosanyezimira ngati anzake.

"Nanga aka mumakadziwa?"

"Ako timangotaya. Si kanthu ako."

"Si kanthu? Ameneyu ndiye nevi, bambo, mthenga wa ubongo. Uthenga umachoka m'mutu, kutsika m'kati mwa fupa la msana, kutulukira pakhosi, kuyenda mkono wonse mpaka ku zala. Ndi amene amauza mnofu kuti gwira. Ndi yemweyonso amene amabwerera kukanena kuti mpeni uli m'manja, kapena kuti mwapsa."

A Bucha anakoka kaulusiko kuti aone ngati chiboda chipinde. Sichinagwedezeke n'komwe.

"Sakoka ameneyo, amangolankhula," anatero adokotala.

"Ngati ena ake kunyumba kwathu," anatero a Bucha akuponya diso kumbali.

"Koma ndi amene wakufikitsani pano," anayankha akazi awo.

Adokotala anagwira dzanja la a Bucha, analitembenuza chagada, n'kugogoda ndi chala pamfundo paja. A Bucha anadzidzimuka.

"Mayo! Zathamangira ku zala ngati magetsi!"

"Ndi nevi wanu ameneyo, akudandaula. Kampata kamuchepera, kalamba kaja kakumupana. Ife timangodula kalambako kuti mthenga apume. Tendoni sitimukhudza, nevi sitimukhudza."

"Nanga mafupa sabalalika mukadula lamba?"

"Ali ndi malamba ena ambiri. Komanso kameneka kamadzalumikizana kokha, koma motakasuka."

A Bucha anayang'ana dzanja lawo ndi mwendo wa mbuzi mosinthanasinthana. Anamva chimwemwe, komanso manyazi, poti zinthu zimenezi anali atazigwira tsiku ndi tsiku osazifunsa dzina. Mafunso anayamba kutuluka ngati nyerere: nanga chigongono chikagunda pakhoma n'chifukwa chiyani chala chaching'ono chimalira? Nanga mwendo ukachita dzanzi pa benchi? Adokotala anayankha awiri, kenako anakweza dzanja.

"Pakhomo pali anthu, bambo. Koma pali chinthu chimodzi choti muone. Tambasulani manja onse awiri."

Anawatambasula. Patsinde pa chala chachikulu chakumanzere panali mnofu wonenepa, wotumphuka. Kumanja kunali kophwa, khungu litachita makwinya.

"Mnofu ukasiya kumva uthenga umayamba kufota," anatero adokotala, tsopano motsitsa mawu. "Dzanzi likhoza kutha tikachita opaleshoni. Mphamvu ina ibwerera. Koma sindikunamizeni kuti yonse. Mukanavomera chaka chatha, bwenzi tikukamba zina."

Akazi awo anagwira pophwapo ndi chala chawo. Anali asanapaonepo, ngakhale ankagwira ntchito limodzi tsiku lililonse. Misozi inalengeza m'maso mwawo.

"Chaka chonse," anatero a Bucha, "ndimathawa mawu amodzi."

"Tikadikira chaka china, chala chimenechi sichidzagwiranso mpeni," anatero adokotala.

"Bweretsani pepala lovomera opaleshoni ndisaine," anatero a Bucha.

Cholembera chinawavuta. Anachipanira pakati pa zala ziwiri zimene zinkamvabe, n'kulemba dzina lawo mokhotakhota, pang'onopang'ono, mpaka chilembo chomaliza. Atamaliza anakankhira pepalalo kwa adokotala.

"Mudzandigoneka tulo?"

"Ayi, timangobaya jakisoni kuti dzanja lokha lisamve. Timatchinga ndi nsalu kuti musaone."

"Nsaluyo mudzaipinde pang'ono, adokotala. Nevi wa mbuzi ndamuona. Wangayu ndamuzunza chaka chathunthu, ndikufuna ndimuone akumasulidwa."