Khonde la a Esitere

Sellina anali kuwamanga duku mayi ake, a Esitere, pamene anaona banga lakuda pamkono pawo, lalikulu ngati chikhatho. Mwezi wathawo linali m'chiuno.

"Amayi, ichi n'chiyaninso?"

A Esitere anati anagunda chitseko. Winnie, mkazi wa mchimwene wake Paston, anali pakhomo ndi beseni. Atamva funsolo anatembenuka n'kupita kuseri.

M'minibasi yopita kuntchito ku Ginnery Corner, Sellina ankangoganiza. Chitseko chanji chomenya munthu m'chiuno? Kunyumba kuja ku Nkolokosa mayi ankatsala awiriwiri ndi mpongozi wawoyo, poti Paston ankayendetsa lole ya ku Beira. Anakumbukira tsiku lina atawapeza akukangana motsitsa mawu, n'kukhala chete iye atangolowa. Komanso masiku amenewo Winnie sankamuyang'ana m'maso.

Anamuimbira Paston. Paston anati ngati zili zoona, akafika Loweruka Winnie abwerera kwawo ku Phalombe. Paston anamuuzanso mkazi wakeyo zomwezo pafoni.

Lachinayi Sellina anapempha kuntchito kuti achedwa. Anafika m'mamawa, n'kudzera kanjira kakuseri, n'kuima kuseri kwa mtengo wa mapeyala. Ankafuna aone ndi maso ake.

"Amayi, chonde, ndipatseni ndipukute ineyo," anamva mawu a Winnie.

"Iwe umangosisita ngati ukunyengerera mwana. Amvano akumana pano lero. Ufuna akanene kuti khonde la Esitere lazilala?"

Sellina anasuzumira. Khonde lonse linali litapakidwa polishi wofiira. Mayi ake, azaka makumi asanu ndi awiri mphambu zinayi, anaponda chiguduli ndi mapazi onse awiri, akuchikhwekhwereza uku ndi uku kuti simenti iwale, monga ankachitira kuyambira Sellina ali mwana. Anavala patapata wa malemu bambo, wowakulira. Ndodo yawo inali itatsamira pazenera. Winnie ankawatsatira manja atatambasula, ngati wolondola mwana wophunzira kuyenda.

Chiguduli chinaterereka. A Esitere anapendekera kumbuyo, Winnie n'kuwawakha, onse awiri n'kukhala pansi. Chigongono cha Winnie chinagunda chipilala.

Sellina anathamanga.

"Wabwera kudzandizonda?" anafunsa a Esitere akupuma movutika.

Winnie anayang'ana apongozi akewo, kenaka anaulula. Chiyambire Pasaka anali atagwa kanayi: kawiri pakhondepo, kamodzi pamasitepe, kamodzi kubafa. Akamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi n'kudzuka msanga, ankachita chizungulire. Diso lakumanzere linali ndi ng'ala. Koma anamulumbiritsa kuti asauze munthu, poopa kuti Sellina awatengera kwake ku Sunnyside, kutali ndi tchalitchi chawo ndi anzawo.

"Polishi ndinabisa zitini ziwiri," anatero Winnie. "Amakagula wina."

"Ndiye unalolera kuti akuthamangitse?" Sellina anamufunsa Winnie.

"Ndikanati chiyani, alamu? Mukanamva mpongozi, eni thupi akuti chitseko?"

Sellina analowa m'nyumba kukatenga madzi otsukira bala. Kuseri kwa chitseko cha chipinda cha Winnie anaona chikwama cholongedza kale, nsalu itapindidwa pamwamba. 

Atatuluka anawauza mayi ake kuti ku Sunnyside sapita, pokhapokha akakana izi: polishi atheretu, patapata asinthidwe ndi nsapato zowakwana, ndodo isachoke m'manja, Paston akhome mpope wogwira pamasitepe ndi kubafa, ndipo Lolemba apite kuchipatala akaonetse diso ndi mankhwala aja.

"Nanga khonde langa?"

"Chakomachakoma pusi anagwa chagada, amayi."

"Wamumva? Akunditcha pusi," a Esitere anadandaulira Winnie. Winnie sanaseke.

"Alamu, ndinakulakwirani," anatero Sellina akumutsuka chigongono.

"Mawu aja anafika ku Beira," anayankha Winnie. "Awanso afike."

Sellina anatulutsa foni n'kuimba. Paston atayankha, anaiika m'manja mwa mayi ake.

"Muuzeni nokha za chitseko chija."

A Esitere anayang'ana khonde lawo, lowala theka, n'kuika foniyo kukhutu.