Amene Ankatafunira Mwana

"Supuni ya mwana isalowe m'kamwa mwa munthu wamkulu, ndipo musamamutafunire chakudya," dokotala wa mano anachenjeza make mwana tsiku lina. Make mwana atakafotokoza kunyumba, apongozi ake anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwamuna wakoyo ndinamulera ndi mano omwewa. Wamuona ali ndi zibwano zokhazokha?"

Pano nkhama za mwana zinali zitatupa, mswachi wake unkatuluka wofiira. Atabwerera naye kuchipatala, dokotala anapala zoyera zokanirira m'mphepete mwa mano a mwanayo, anapalanso za mayi ake, n'kutumiza kokayeza. Zotsatira zitabwera anawaitanitsa.

"Tizilombo toyambitsa matenda a nkhama tapezeka mwa mwana. Mwa inu mulibe. Kawirikawiri timayenda ndi malovu. Amamudyetsa ndani mukapita kuntchito?"

Kuyambira tsikulo mtima wa make mwana sunakhalenso m'malo. Ankanunkhiza masupuni. Mswachi wa mwana ankayenda nawo m'chikwama. Mwamuna wake akapsompsona mwana, iye maso ali pamilomo kuti itera pati.

"Mwayamba upolisi, amake mwana?" mwamunayo anamuseka. "Bwerani mundisechenso m'matumba."

"Yasamulani ndione."

"Aa, inunso!"

Loweruka make mwana anaweruka msanga, n'kulowera kukhitchini nsapato zili m'manja. Apongozi anali atakhazika mwana pamiyendo. Anatafuna kanyama, kulavulira pachala, n'kumuika m'kamwa. Nyamayo inali yopsa bwinobwino, koma pachalapo panali pofiira.

"Amayi! Magazitu awo!"

"Ndi dzino limodzi likugwedera, si za lero. Ukufuna mdzukulu wanga atsamwidwe chifukwa cha sukulu yakoyo?"

"Tiyeni nanunso akakuyezeni."

"Akandipale m'kamwa ngati poto wopserera? Ine ayi."

Madzulo anauza mwamuna wake. Iye anakanda m'mutu, akuyang'ana chitseko cha kuchipinda kwa mayi ake.

"Khoswe akakhala pamkhate sapheka, mkazi wanga. Nyumbatu ndi yawo ino. Ndiwauza pang'onopang'ono."

"Nanga Lolemba ndikapita kuntchito, mwanayu amudyetsa ndani?"

Mwamunayo anangonyamuka n'kupita kukasamba.

Make mwana anatsuka supuni ya mwana kawiri, n'kuiika m'chikwama pamodzi ndi mswachi ndi tizovala. Basi yoyamba yopita kwa mkulu wake inkanyamuka kusanache, apongozi asanadzuke kukonzera mdzukulu kadzutsa. Nsapato zake anaziika pafupi ndi chitseko.