Maina a mu Ndowa Yobooka

"Chotsa chimenecho pakhomapo," anatero Lydia.

Mlongo wake Wilkins anali pampando, akukhomera chithunzi chachikulu pa nyumba ya mayi awo ku Chinsapo. Panali patangopita masiku atatu chiikireni mayi Veronica m'manda. Pachithunzipo panali mtsikana wopaka milomo, atasenza ndowa yonyezimira yoti sinalawepo madzi chiigulireni.

"Loweruka tionetsa filimuyi ku holo, achemwali. Pokumbukira Amayi."

"Amayi ake ati? Tandilozera pamenepo."

Ndowa Yobooka linali sewero la nyimbo limene mayi Veronica anapeka Lydia akadali kumsana, nkhani ya amayi odikira madzi pampopi wouma. Linkatenga maola atatu, mabenchi ankapweteka, koma palibe ankachoka. Pakati pa nyimbo yomaliza ng'oma zinkaleka, mayi Veronica n'kutula ndowa, n'kuyamba kuimba maina a anthu onse a m'deralo amene anamwalira chaka chimenecho. Dzina lililonse holo yonse inkavomera kuti, "Tamutungira." Matenda aja atafika, maina anachuluka, ndipo ena ankamveka pokhapo, poti kwawo abale ankachita nawo manyazi.

Mu 2005 Wilkins anabwereka kamera n'kulisandutsa filimu. Tisaname, inali yokongola: mpopi weniweni, dzuwa lenileni, mawu omveka bwino. Koma maina onse anawadula ngati munthu wosadza mpanda.

"Filimu si siteji," anatero Wilkins akutsika. "Munthu wa ku Mzuzu akagula disiki, Leston wa ku Chinsapo amudziwira kuti? Mphindi makumi awiri zathunthu, maina okhaokha!"

"Pasiteji Amayi ankatuluka thukuta, ankayang'ana wamasiye m'maso. Mtsikana wakoyu amangoyasamula, mawu ali a Amayi. Unawabera mawu, nkhope n'kuitaya."

"Iwo sanadandaulepo."

"Akanadandaula kwa mwana wawo yemwe? Mvera, Loweruka tisewera pasiteji. Munthu watchula akufa a anthu zaka makumi awiri ndi zisanu, ndiye dzina lake lisatchulidwe?"

"Musewera ndi ndani? Wang'oma tinaika chaka chatha. Otsala ndi atatu, wina sayenda."

Zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake Lydia anapsa mtima koposa. Mkwiyo wa pamaliro susankha pogwera.

"Usandinamize za ku Mzuzu iwe. Unadula chifukwa munali Betty."

Betty anali mkazi wa Wilkins. Anamwalira mu 2004, ataonda mpaka mphete kumagwa yokha, ndipo chichokereni kumanda mwamunayo anali asanalitchulepo dzinalo. Wilkins anaika hamala pansi pang'onopang'ono.

"Mwatha?"

Anali a Mwanamisi, atelala a nyumba yoyandikana, ataima pakhomo ndi tepi yoyezera m'khosi.

"Mudzi wonse wakumvani. Tiyeni kwathu nonse awiri, musandiyankhe."

M'nyumba mwawo anasuntha nsalu pampando, n'kutulutsa disiki m'chikwama cha buku la nyimbo la mayi Veronica. Inali yokandikakandika.

"Lachinayi lililonse masana mayi anu ankabwera kudzaonera pano. Ankati, 'Mwanamisi, taona mmene mwana wanga wawajambulira madziwo, ngati uwamwe.' Ndinatopa nawo, ine ntchito ili tho."

"Ankaikonda?" anafunsa Lydia, mawu akadali olimba.

"Kwambiri. Koma taonani apa." Anawaonetsa rimoti. Batani limodzi linali litafufutika. "Ikafika pamene ng'oma zimalekera, ankaimitsa. Ankaimirira apo pali makinapo n'kuimba maina onse, ine n'kumavomera ndekha ndi singano kukamwa. Ankayamba ndi Betty nthawi zonse. Ndinawafunsa kuti bwanji osangomukalipira mwanayo. Akuti, 'Sanadule mwamwano, lamukanika kukhosi. Ndizimutchulira ine mpaka adzathe yekha.'"

A Mwanamisi analowetsa disiki n'kuithamangitsa mpaka kumapeto. Mtsikana uja anayasamula, mawu a mayi Veronica n'kudzaza chipinda, ndipo Lydia anatembenukira kukhoma. Anali asanamukhululukire mlongo wake, ndipo sankafuna kuti aone misozi yake.

Nyimbo inangoti zii. Lydia atacheuka anaona rimoti ili m'manja mwa Wilkins, mtsikana wa mufilimu ataima chiimire ndi ndowa yake m'malere.

Wilkins anayesa kawiri, osatuluka kanthu. Kachitatu mawu anatuluka osasa, opanda ndi nyimbo yomwe.

"Betty."

"Tamutungira," anavomera Lydia.

Dzina lotsatira onse ankalidziwa. Anayang'anana, aliyense kudikira mnzake, koma linawakanika. A Mwanamisi anavula tepi m'khosi, n'kukaima pafupi ndi makina paja.

"Veronica," anaimba motero.

Ana awiriwo anavomera.