A Musaseke Ajambula Mlatho

"Sunthirani pang'ono kumanzere. Chibwano m'mwamba. Mpangowo ukubisa khutu."

Amake mapasa anasuntha, koma mtima unali utayamba kale kuwira. Kumbuyo kwawo kunali mlatho waukulu wa mumzindawo, chimlatho chazitsulo, nsanamira zake zitalowa m'mitambo, zingwe zili ndandanda ngati ulusi wa pamakina osokera. Pamwamba pankadutsa magalimoto osaleka, pansi maboti a katundu akukwawa pamadzi. Kutsidya kwa msewu basi yobwerera kwawo inali itaima, kondakitala akulongedza zikwama.

Amuna awo anali wojambula zithunzi za paziphaso. Anakulira m'kachipinda ka nsalu yoyera kukhoma ndi kampando kamodzi, akuuza anthu mawu amodzimodzi mpaka mawuwo anasanduka dzina lawo: a Musaseke. Paja woumba mbiya amadyera m'phale. Zithunzi za amake mapasa zinalipo zambiri m'kabati, koma zonse mutu ndi mapewa basi, nkhope ili gwa ngati munthu wofunidwa ndi apolisi.

M'mawa wa tsiku limenelo anali kwa dokotala wa maso, ndipo dokotalayo sanapsatire mawu: maso a bambowa akupita, mankhwala angochedwetsa chabe. A Musaseke anangoti zikomo n'kukonza tayi. Koma amake mapasa anatuluka m'chipatalamo atamanga chinthu chimodzi mumtima. Mdima usanatseke maso amenewa, awajambule kamodzi kokha akuseka, ataima pamalo ooneka.

"Mwatha kodi? Basi itisiyatu."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, amayi. Musaseke."

Kamera inalira. Amake mapasa anathamangira kukasuzumira pa kagalasi ka kumbuyo kwake, ndipo anagwira pakamwa. Munali mutu ndi mapewa, makutu onse awiri poyera, kumbuyo kuli mbee. Kusunthasuntha konse kuja, bambowa ankafunafuna pamene thambo layera bwino ngati nsalu ya kuntchito kwawo.

"Abambo a mapasa, mlatho uli kuti?"

"Umasokoneza kumbuyo."

"Umasokoneza! Ulendo wonsewu, msana kuphwanyika m'basi, kuti ndidzatenge chiphaso china? Ndikupita kunja ine?"

"Chithunzi chabwino chimenecho. Palibe ofesi ingachikane."

"Ndinakwatiwa ndi inu kapena ndi ofesi?"

Mayi wina wogulitsa magalasi a dzuwa pafupi pomwepo anaseka mpaka kugwetsa malonda. A Musaseke sanaseke nawo. Anayang'ana kumene kunkamveka magalimoto, akutsinzinira, kenako anapukuta diso la kamera ndi nsonga ya tayi ngakhale linali loyera kale.

"Ndikuuzeni zoona," anatero motsitsa mawu. "Mlathowo ndikungoumva. Ndikayang'ana ndikuona utsi wokhawokha. Chimene ndikuona bwino ndi nkhope yanuyi, ikakhala pafupi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Mkwiyo wa amake mapasa unazima pomwepo, m'malo mwake munalowa chisoni. Anafuna kulira, koma anadziwa kuti misozi ingawachotsere ulemu amuna awo pakati pa anthu. Choncho anachita zomwe ankadziwa bwino: kulamula.

"Mwati ndine fodya tsopano? Chabwino. Lero wojambula amvera wojambulidwa. Bwerani kuno."

Anawagwira mkono n'kuwabweza m'mbuyo, kudutsa benchi, kudutsa mtengo wa magetsi, mpaka pamene mlatho wonse unakwana m'kagalasi kaja, nsanamira, zingwe, ngakhale nyumba zitalizitali za kutsidya. Anawakwezera zigongono, n'kuwawongola mapewa monga ankachitira ndi mapasa popita kusukulu.

"Imani chomwechi. Musagwedezeke."

"Mawu angatu amenewo."

"Ndabwereka."

Kenako anabwerera okha kukaima pa chitsulo chotchinga m'mphepete mwa mtsinje. Mphepo inawomba, mpango n'kuphimba makutu onse. Basi inaliza hutala.

"Amayi!" anaitana a Musaseke. "Sindikukuonanitu."

Kamera inali itayamba kupendekera kumadzi. Amake mapasa anaona manja aja, amene sanaphonyepo nkhope ya munthu, akufufuza mumlengalenga.

"Nanga kundimva, mukundimva?"

"Inu kukumvani? Ndi kutsidya komwe akukumvani."

"Ndiye lozani kumene kukuchokera phokosoko!"

Kamera inatembenuka pang'onopang'ono n'kuwapeza. Bambowa anaima mowongoka, tayi ikuuluka, nkhope yonse ili pantchito. Ndipo poti chizolowezi sichimva mankhwala, anakweza chala chimodzi m'mwamba n'kufuula mwaulamuliro, anthu onse a m'mbali mwa mtsinje akumva:

"Musaseke!"

Amake mapasa anaphulika. Chinali chiseko chochokera m'mimba, chopinda munthu pakati, chotulutsa ndi misozi yomwe ija anaibisa. Wogulitsa magalasi nayenso anaseka. Kamera inatsata chisekocho, ndipo inalira, n'kuliranso.

Anakwera basi ali wefuwefu, kondakitala akung'ung'udza kuti achikulire ndiwo amavuta kuposa ana. Atakhala pansi, amake mapasa anatsegula kagalasi kaja. Mlatho unali wopendekeka ngati ukutsetserekera mumtsinje. Nsanamira imodzi inali yoduka mutu. Pakona panalowa chigongono cha wogulitsa magalasi. Koma pakati penipeni panali iwo, aang'ono ngati chala, kukamwa kuli yasa, dzanja lili pamimba, mpango uli pankhope theka.

A Musaseke anayandikiza kamera mpaka kukhudza mphuno, koma anaibweza.

"Ndiuzeni inu. Mlatho walowa?"

"Walowa, koma waledzera."

"Makutu akuoneka?"

"Ngakhale limodzi."

"Maso?"

"Otsinzina. Mano okha ndiwo ali panja onse, ndi lobooka lija."

Bambowa anapukusa mutu. "Ndiye chawonongeka. Chimenecho angachikane kulikonse."

"Achikane. Mukachitsuke chachikulu, tikachipachike pabalaza."

Basi inakwera pamlatho, matayala akulira mosiyana ndi pamsewu, zingwe zija zikudutsa pawindo chimodzichimodzi. A Musaseke sanayang'ane kunja. Kamera ili pamiyendo, anafufuza dzanja la akazi awo n'kuligwira.

"Chachikulu chokha ayi," anatero. "Nditsukanso china chodula nkhope yokha, chachikulu ngati mbale. Ndikufuna ndichione ndisanachedwe."