Thanki Yopanda Nsomba

Amuna anga atapuma pa ntchito yoyendetsa basi, sanagule mbuzi kapena njinga monga amachitira anzawo. Anagula thanki yagalasi yowetera nsomba, n'kuiika pabalaza pamene panali kabati yanga ya mbale, osandifunsa n'komwe. Anayalamo timiyala, n'kulumikiza kapampu kotulutsa thovu, n'kudzazamo madzi.

"Nanga nsomba zake zili kuti?" ndinawafunsa.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi a ana," anatero.

Ndiye anandiphunzitsa, ngakhale sindinapemphe sukulu. Madzi a pampopi ali ndi kolorini, ndipo kolorini sasankha, amapha choipa ndi chabwino chomwe. Choncho ankayamba atungira m'ndowa, kudonthezamo mankhwala ochotsa kolorini, kutakasa, kenako n'kuthira m'thanki. Komanso nsomba siingalowe m'thanki yatsopano, ingafe ndi zonyansa zake zomwe. Pamafunika kuti muyambe mwamera tizilombo tabwino tosaoneka ndi maso, tokhala m'siponji ya sefa, todya zonyansazo. Kuti timere, m'mawa uliwonse ankawaza kachakudya ka nsomba m'madzi opanda nsomba, kuti kaole tizilomboto tidye.

"Ziweto zosaoneka amaweta ndi afiti," ndinkawaseka. Iwo ankangotsokomola, n'kukhala pampando wawo kuyang'ana madzi.

Anamwalira nsomba zisanagulidwe. Mtima unangoima ali m'bafa.

Anthu atabalalika pamaliro, ndinangozipeza m'mawa wina nditaima pathanki, kachitini ka chakudya kali m'manja. Ndinawaza. Zawo zonse zinali zitaima: zovala zinagawidwa, foni inazima, lezala linauma pawindo. Koma m'siponjimo munali chinthu chimene iwo anayambitsa, ndipo chinali chikudyabe. Ndinachikonda, ndinachiopanso.

Masana dzuwa likalasa thanki, kuwala kwa madzi kunkagwera pampando wawo n'kumagwedezeka ngati chifuwa cha munthu wopuma. Kapampu nako nthawi zina kankatsamwa, n'kutulutsa phokoso limene ndinkalidziwa bwino, longa kutsokomola kwawo. Ndili kukhitchini ndinayankhapo kuti, "Ndikubwera!" kenako tsitsi n'kundiimirira.

Ndinaphunzira kuchita zonse monga iwo. Nditatengera madzi pang'ono kwa wogulitsa nsomba za m'thanki, anawayeza ndi timadontho take n'kunena kuti, "Madziwa apsa, mayi. Tizilombo takhwima. Sankhani nsomba."

Ndinati ndidzabweranso. Sindinkafuna alendo m'thanki muja.

Kenako kunabwera alamu anga, mchemwali wa malemu, akuti kudzandichotsa mantha. Alamu angawo ndi munthu wabwino, koma akaona banga pakhoma sagona tulo. Anandipeza ndikuwaza chakudya.

"Alamu, mukudyetsa ndani?"

"Za achimwene anu, anandisiyira."

Anayang'ana m'madzi, n'kundiyang'ana ine, n'kupita kukanong'oneza pafoni kuseri kwa nyumba.

Tsiku limene ndinapita kuchipatala kukayezetsa kuthamanga kwa magazi, pobwera fungo la mankhwala oyeretsera zovala linandichingamira pakhomo. Thanki inali kunyezimira. Siponji inali itayanikidwa pawindo, yoyera kuti mbee, ndipo paipi yochokera pampopi inali ikudonthabe pansi.

"Munali thope lokhalokha, alamu!" anatero alamu anga, manja ali m'chiuno. "Ndakwecha zonse, ndathiramo madzi abwino a pampopi. Tsopano mugule nsomba zenizeni, musiye zoyankhula ndi madzi."

Pamaliro ndinalira mwaulemu, monga amalirira mayi wamkulu. Apa ndinakuwa mpaka aneba anasuzumira pampanda. Ndinawanena alamu anga mawu amene sindingawabwereze, iwo n'kumangoti, "Koma ndi madzi chabe, alamu, ndi madzi chabe," nawonso misozi ili mbwembwembwe.

Ndinakulunga siponji ija m'pepala n'kuthamangira kwa wogulitsa nsomba uja.

"Mwina tatsalako pang'ono?" ndinamufunsa.

Anainunkhiza, n'kukwinya mphuno. "Timiyala natonso anatsuka?"

"Natonso."

Anapukusa mutu. Poona nkhope yanga anafuna kundilimbitsa mtima. "Musadandaule, mayi, muyambanso. Tizilomboti sitigulidwa, timabwera tokha. Timachokera m'fumbi la m'nyumba, m'mpweya, ngakhale pamanja a munthu amene akupisa m'madzimo."

"Pamanja?"

"Eya. Mukamapisamo inuyo, timera tanu."

"Ndiye tija tafa tinali ta ndani?"

"Ta amene anayambitsa thankiyo," anatero, akufikira kale kaukonde kake kuti andionetse nsomba zofiira zimene zinali zitangofika kumene.

Ndinakhala pansi pasimenti yonyowa ya sitolo yake, siponji ili pamiyendo. Anthu amati ndinaferedwa tsiku limene tinawaika m'manda. Ine amuna anga anandisiya masana amenewo.